Nyimbo ya M'shedi ya Fodya Yalowa M'kalasi

Olemekezeka akuluakulu a zamaphunziro m'boma lino la Mazowe, olemekezeka a Khansala, a Hedimasitala Bambo Kalino, a Shehe, abusa, akuluakulu a kudambwe, aphunzitsi, makolo, ndi inu ana amene dzuwa lakuwambani kale podikira ife akuluakulu: mamuka sei nonse? Eya, ndamva kuti mwadzuka.

Ine ndine mwana wa pakomboni pompano. Unamwino ndinakaupeza ku Harare, koma ndinakulira kumsana kwa mayi anga m'shedi yosankhira fodya. M'menemo simunkafunsidwa kuti uyu ndi wa kumzikiti, wa kutchalitchi kapena wa gule. Mwana akalira, mayi aliyense amene manja apepuka ankamunyamula n'kumuimbira kuti, "Gona mwanawe, fodya sanathe, amako abwera likapendeka." Kusukulu sitinkayerekeza n'komwe kuimba zimenezi, poopa kusekedwa kuti ndife obwera.

Nchifukwa chake lero mtima wanga wadzaza ndi kuthokoza. Ndikuthokoza Mayi Filesi, mphunzitsi wa nyimbo, amene anayenda khomo ndi khomo kutolera nyimbo za ana athu, osatopa ngakhale pamene zitseko zinkatsekedwa. A kudambwe ankaopa kuti zachinsinsi zawo zifika pabolodi. Abusa ena ankaopa ng'oma. Ndipo a Salimu oyendetsa thirakitala, amene andilola kunena izi, analengeza kuti kalasi la nyimboli ndi gule wovala yunifolomu, mwana wawo Nasra sadzapondamo. Makolo ambiri anali pambuyo pawo, ndipo akanachotsa ana, kalasi ili likanafera m'mazira.

Koma Nasra ankalowa mozemba. A Salimu atamva, anabwera atalusa kudzamutulutsa. Pawindo anapeza ana akuyeserera nyimbo ija ya m'shedi. Anaima kanthawi, kenaka analowa osagogoda.

"Aphunzitsi, mukuithamangitsa!" anatero. "Iyi si yovinira, ndi yogonekera mwana. Malemu amake a Nasra ankaikoka chonchi."

Bambo wamkulu, ovolosi ili girisi yekhayekha, anaimba nyimboyo mpaka kumapeto. Nasra anali asanamvepo bambo ake akuimba, ndipo mayi ake anamusiya asanayambe n'kukwawa komwe. Tsiku limenelo a Salimu anabwerera kumunda okha, mwana anamusiya m'kalasi, ndipo makolo ena aja anafewa nawo. Mayi Filesi atandifotokozera zimenezi, ine ndinalira.

A Salimu, musabise nkhope m'chipewa, takuonani kale. Tikukuthokozani.

Tsono mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti kalasi la nyimbo za ana pasukulu pano latsegulidwa mwalamulo. Nyimbo yoyamba atsogolera ndi Nasra, koma wakanitsitsa kuyamba yekha, akuti mpaka bambo ake aime pambali pake. A Salimu, dzukani, mwana akudikira.

Zikomo kwambiri.