Kabotolo Kamene Ndinabisa M'jekete

Abale ndi alongo mwa Ambuye, monire mose. Ine ndine bambo wa mwana mmodzi, ndimachita kabaza wa njinga yamoto, ndimakhala ku Masasa. Zimene ndinenezi zimandichititsa manyazi, koma ndikazibisa ndiye kuti ndabisanso chifundo cha Mulungu. Ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga ndi manja angawa.

Mwanayo, Tawonga, atakwanitsa milungu itatu anayamba kuvutika ndi m'mimba. Ikangokwana folo koloko ankapinda timiyendo, nkhope n'kufiira, kulira mpaka mawu kusasa. Kusikelo anesi anauza mkazi wanga, NyaGondwe, kuti zimenezi zimatha zokha, mwana asalawe china chilichonse koma bere. Iye anamvera. Ine ndiye ayi, mtima wanga ndi wapachala. Tsiku lonse injini m'makutu, kufika kunyumba phokoso linanso.

Mnzanga wina pasiteji anati, "Aise, ukuvutikiranji? Pali mankhwala azitsamba a makanda, amagulitsa pafupi ndi msika pompa." Ndinakagula kabotolo. Zolemba zake zinali m'chinenero chimene sindichidziwa, ndipo za muyezo sindinafunse n'komwe. Mkazi wanga atakaona anakanitsitsa. Ndinamuuza kuti ndakataya, koma ndinakabisa m'thumba la jekete. M'mawa uliwonse akapita kosamba, ndinkadzaza kachitsekerero n'kumumwetsa mwana.

Analekadi kulira. Ankangogona. NyaGondwe anagwada pabalaza kuthokoza Mulungu kuti wamva pemphero lake, ine n'kumavomereza kuti ameni. Ha, abale, ameni ameneyo amandiwawa mpaka lero.

Kuseri kwa khoma lathu kumakhala mayi wina wachisilamu wa ku Mangochi, wogulitsa nsalu. Ndinali nditakangana naye chifukwa cha kulira kwa mwanaku, moti moni tinali titasiya kupatsana. Tsiku lachinayi chiyambireni kumumwetsa, masana, nditabwera kudzadya, anagogoda.

"Pepani aneba, masiku atatu mwanayu sindinamumve. Ndimuone."

Atamunyamula, mutu wa Tawonga unangogwera kumbuyo ngati kansanza. Anamugwira paliwombo, n'kupeza palowa m'kati. Anafunsa za kuyamwa, mkazi wanga n'kunena kuti kuyambira dzulo akungogwira bere n'kulisiya. Mayiyo anati, "Uku sikugona ayi. Nyamukani pompano."

Kuchipatala adokotala anafunsa chimene mwana wamwa. NyaGondwe analumbira misozi ili chuchuchu, "Bere pera, adokotala, bere lokha!" Iwo anati akapanda kudziwa chimene chili m'thupi mwake azingofufuza, pomwe nthawi palibe. Ine ndinali nditaima pakhomo, jekete ili m'thupi, kabotolo kakundikhudza m'nthiti. Ndinachita mantha kuti ndikaulula, banja latha. Taganizani, mwana akupuma modukiza, bambo ake akuganiza zodzipulumutsa okha!

Ndinathawira pakhonde. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, wabodza ndine. Musalole kuti mwanayu afere bodza langa." Sindinamve mawu aliwonse ochokera kumwamba. Ndinangoona kuti mantha aja achoka, ndipo ndinalowanso n'kuika kabotolo patebulo. Ndinanena zonse, masiku ake ndi muyezo wake.

Mkazi wanga sanakuwe. Anandiyang'ana kamodzi, n'kutembenukira kwa mwana. Bola akanandimenya mbama.

Tawonga anakhala pa diripi, kachubu kali m'mphuno, masiku awiri osatsitsimuka. Mayi wa nsalu uja ankabwera ndi phala la mkazi wanga m'mawa uliwonse, n'kukhala naye pambali pa bedi, pomwe ine sindinkayerekeza kufika pafupi. Tsiku lachitatu mwana anatsegula maso, analira, n'kufuna bere. Adokotala anati tikanachedwa tsiku linanso, bwenzi tikunena zina.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula khutu la munthu yemwe ndinkamuyesa mdani. Kwa mayi ameneyo, yewo chomene. Inu amene khanda likukusowetsani mtendere, pirirani, nyengoyo imadutsa. Musamumwetse kanthu musanafunse kuchipatala, ndipo musabisirane m'nyumba.

Lero Tawonga akukwawa. NyaGondwe anati anandikhululukira, ndipo ndikumukhulupirira. Koma akamapita kumsika amakasiya mwana kwa aneba, ine ndili pomwepo pampando. Sindidandaula, abale. Mulungu amene anandibwezera mwana adzandibwezeranso tsiku limene mkazi wanga adzandiuze kuti, "Tamugwirani."