Mabwato Ali Pamtunda Chifukwa cha NyaLongwe

Malemu Mayi Lois Longwe, amene ambiri mumawadziwa kuti NyaLongwe, anabadwa pa 14 Malichi 1986 konkuno ku Ngala. Anali achitatu m'banja la ana asanu la Bambo Mzomera Longwe ndi Mayi Dyness NyaMhango, omwe anachoka ku Usisya kutsatira usipa. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Ellard, mlongo wawo. Abanja andituma kuti ndinene zoona zokhazokha, choncho amene zimuwawe aziwawidwa ali chikhalire.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1992, ndipo mu 2000 anasankhidwa kupita ku sekondale ya ku boma. Mu 2005 anakayamba maphunziro a makompyuta ku Lilongwe. Bambo athu atamwalira mu 2007, malemu anasiyira panjira maphunzirowo nabwerera kudzayang'anira chilimira, khoka la usipa lomwe linkadyetsa banja lonse. Digiri sanaitenge. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi ndodo imene anthu ena anadzawamenya nayo.

Pa 7 Ogasiti 2010 anamanga banja loyera ndi Bambo Tedson Kamanga, aphunzitsi, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Uchizi ndi Fyness.

M'chaka cha 2019 malemu anayambitsa pulogalamu ya pa foni yomwe anaitcha Siginala, potengera munthu uja amakhala pa bwato la nyali n'kumalozera anzake pomwe pali usipa. Pulogalamuyi inkauza msodzi mtengo wa chigoba cha usipa pa doko lililonse, ndi kumuchenjeza mwera ukamabwera. Sanagwire okha ntchitoyi. Mayi Zahra Kalilu a ku boma ankalemba nawo pulogalamuyo, Bambo Yahaya, siginala wa zaka makumi atatu panyanja, ankayenda doko ndi doko kuphunzitsa asodzi, ndipo Bambo Raston, mnzawo wa ku koleji, ankalemba makalata poti Chingerezi chinkawatuluka mosavuta. Pofika 2023 asodzi oposa zikwi ziwiri, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Chia, anali kuigwiritsa ntchito.

Chaka chomwecho anthu akunja oika ndalama m'makampani ongoyamba kumene anamva za Siginala. Analemba kuti pulogalamuyo aikonda, koma iwo asanaike chuma chawo amayamba aona ngati kampani ili ndi gulu la atsogoleri lolimba. Malemu sanatsutse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kwa iwo gululo linalipo kale, monga zimakhalira pa chilimira, pomwe wa nyali, wa injini ndi okoka khoka aliyense amadziwa pake. Koma kwa Bambo Raston kulimba kwa mtsogoleri ndi suti, tayi ndi pepala lopachika pakhoma. Anakatenga anzawo atatu ku Lilongwe, anthu oti usipa amaudziwira m'mbale.

Pa 5 Febuluwale 2024, pa msonkhano womwe unachitikira mu hotela, malemu anachotsedwa ndi Bambo Raston ndi anzawo aja pa mpando wa mkulu wa kampani yomwe anaiyambitsa kuseri kwa nyumba yawo. Chifukwa chake ati analibe digiri, ndipo azungu sangakhulupirire mayi wa ku doko. Anawapatsa dzina lakuti mlangizi. Mayina a Mayi Zahra ndi Bambo Yahaya anafufutidwa pa mndandanda wa atsogoleri. Tsiku limenelo mlongo wanga anafika kunyumba nakana chakudya, ndipo ife zimenezi sitinaziiwale.

Atsogoleri atsopanowo anaitana oika ndalama aja kuti abwere pa 17 Okutobala 2024 kudzaona momwe asodzi akugwiritsira ntchito pulogalamuyo. Malemu anawalembera katatu konse kuti tsikulo alisinthe, chifukwa mwezi udzakhala uli wathunthu. Ngakhale mwana wa kuno amadziwa kuti mwezi ukawala usipa sutsata nyali, ndipo asodzi amapuma. Anayankhidwa kuti kampani yamakono siyendera mwezi. Safunsa anadya phula. Alendowo anapeza mabwato ali pamchenga, asodzi akusoka makoka, ena akusewera bawo, mafoni ali zii. Atafunsa chifukwa chake, atsogoleri anayi a madigiri anangoyang'anana, ndipo mmodzi anayerekeza kunena kuti mwina ndi holide. Anadzalongosola ndi Bambo Yahaya, omwe anali atauzidwa kuti aime patali chifukwa cha fungo la nsomba. Alendowo anachoka atanena kuti adzabweranso pokhapokha mayi amene anayambitsa ntchitoyo akadzabwerera pa utsogoleri.

Bambo Raston anabwezeretsadi dzina la malemu, koma pa pepala pokha. Chithunzi chawo anachiika patsogolo pa makalata onse, pomwe mwiniwake sankaitanidwa ku msonkhano ngakhale umodzi. Dzina analifuna, munthu ayi.

Mu Januwale 2025 malemu anayamba kudwala matenda a impso. Anagonekedwa ku chipatala cha ku boma, kenaka anatumizidwa ku Lilongwe, komwe anakhala miyezi inayi. Ofesi ya atsogoleri aja ili mumzinda womwewo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaponda pa khomo la wodi, ngakhale kutumiza nthochi. Ankakawaona ndi amayi oyanika usipa, okwera minibasi kuchokera kuno. Malemu anatisiya m'mawa wa Lamulungu pa 19 Okutobala 2025, ali ndi zaka 39.

Tsopano ndinene chimene abanja andiumiriza kuti ndisachisiye. Masana a tsiku lomwelo, thupi lisanachoke ku chipatala, Bambo Raston anaimbira foni alamu anga Bambo Kamanga. Mawu opepesa anali awiri okha. Chachikulu anapempha kuti malirowa tisawalengeze pa wailesi kapena pa intaneti mpaka Lachisanu, tsiku lomwe oika ndalama aja adzasayine mgwirizano, poti iwowo akuganiza kuti malemu ndi amene akutsogolera. Analonjeza kuti akatero kampani igula bokosi lapamwamba. Akuluakulu anati ukabisa matenda maliro tidzamva, koma zobisa maliro enieniwo taziona lero. Bokosi lomwe mukulionali akhoma ndi amisiri a mabwato a pa doko pano, ndipo sanalandire kanthu.

Alamu anga analembera okha oika ndalamawo kuwauza zonse. Mayi Zahra anatumiza uthenga wa maliro kwa msodzi aliyense kudzera pa Siginala yomweyo. Inu atsogoleri olimba, takuonani, mwakhala pa mipando yakutsogolo ndi nkhata yanu yamaluwa. Simupatsidwa mpata wolankhula, ndipo bokosi simulikhudza. Amene ananyamula ntchito ndi malemu ndi amene awanyamule.

Malemu asiya amuna awo Bambo Tedson Kamanga, ana awo Uchizi ndi Fyness, mayi awo NyaMhango ndi abale anayi. Tikuthokoza mafumu, abusa ndi amayi a mvano, adzukulu, anamwino amene anawasamalira, abale athu achisilamu ochokera ku boma, ndi makomiti a madoko onse.

Tikuthokoza koposa inu asodzi. Lero mwezi kulibe, ndi nyengo imene usipa umadzaza mabwato, koma palibe amene wakonza nyali. Atsogoleri, tembenukirani kunyanjako muone. Mabwato onse ali pamtunda monga tsiku lija, ndipo ulendo uno musavutike kufunsa chifukwa chake.

Mlongo wanga NyaLongwe, dzina lanu sitinalibise. Mzimu wanu uuse mumtendere.