Mwala Woyera Pansi pa Madzi

Pa mzere wolowera ku kanema wa chinsalu chachikulu ku Melbourne, mphunzitsi amene anabwera ndi ana a sukulu anacheukira mkulu wina wonyamula nkhata ya maluwa.

"Bambo, maluwawo ndi a chibwenzi? Kanemayutu ndi wa nyanja yomeza zilumba, si wachikondi."

"Ndi a mkazi wanga Teretia, aphunzitsi. Ali m'kanemamo."

"Anasewera nawo?"

"Ayi. Kwathu ku zilumba za Kiribati timaika maliro pakhomo. Nyanja inatenga nyumba yathu ndi manda omwe. Kamera ikamadutsa pamwamba pa mudzi wathu, pansi pa madzi pamaoneka mwala woyera. Ndi iyeyo."

"Bwanji osamamuonera pa foni kunyumba?"

"Pa foni ndi kadontho chabe. Muno mwalawo umakula ngati chitseko."

"Koma paja lero ndi lomaliza. Mawa aika wa zilombo zakalekale."

"Ndikudziwa, ndabwera kudzatsazika. Vuto ndi lakuti pamalo pomwepo pamadutsa kamba wa m'madzi, ndiye ana amakuwa ndi kuomba m'manja. Anuwa muwauze akhaleko chete pang'ono."