Mkono wa Bambo Ndinaumanga Ndine

Olemekezeka wapampando wa komiti yoyang'anira chipatala chino,
Olemekezeka mkulu wa chipatala pamodzi ndi madokotala anu,
Olemekezeka anamwino, ndi inu akatswiri a mafizo, owongola ziwalo ndi masewera olimbitsa thupi, amene tsikuli ndi lanu,
Olemekezeka atsogoleri a zipembedzo,
Olemekezeka amisiri amene mwamanga chipindachi, ndi onse amene munapereka kangachepe kuti chifoleredwe,
Odwala athu amene mwakhala pamthunzi apo, ena mutagwirira phewa,
Amayi ndi abambo, moni nonse.

Kalata yondiitana itafika ndinaiwerenga kawiri, poganiza kuti yasochera. Ine ntchito yanga kwa zaka makumi atatu yakhala yoweruza milandu, ndipo za mafupa ndi minyewa sindidziwa kanthu. Mkulu wa chipatala anandilimbitsa mtima kuti, "Amayi, mudzangodula riboni n'kunena mawu awiri." Bwana, woweruza sanena mawu awiri. Amene mwaima, pezani pokhala.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Ndithokoze komiti imene sinatope kugogoda pamakomo, amisiri amene sanatibere simenti, ndiponso inu a mafizo amene m'mawa uno munandiyendetsa m'chipinda chatsopanochi. Ndaona mabedi atatu, chingwe chodutsa pakagudumu kudenga, ndodo zosalala, malamba a mphira, matumba ofunditsa ndi ozizira, ndi kamakwerero kapakhoma kamene wodwala amakwera ndi zala. Mpeni sindinauone. Mwandifotokozera kuti phewa limawawa pa zifukwa zambiri: minyewa imaperepeseka pogwira ntchito mkono uli m'mwamba, wina anagwa, wina ndi nyamakazi, wina matenda a shuga aumitsa mfundo, wina vuto lili m'khosi koma ululu ukutsikira m'phewa. Mwandichenjezanso kuti phewa likamawawa pamodzi ndi chifuwa, munthu n'kumabanika, umenewo ukhoza kukhala mtima, ndipo si za mawa ayi. Ndinamvetsera ndikugwedeza mutu ngati mlendo wabwino, koma mumtima munali mondiwawa, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo kale, ndipo ndinawamva mochedwa.

Bambo anga anali ometa. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, mmene munali mpando umodzi wozungulira, galasi losweka pakona, ndi benchi yaitali imene sinkasowa anthu. Ena pabenchipo ankadikira kumetedwa, koma ambiri ankabwerera macheza, ngakhale adazi amene analibe chometa. Zaka makumi anayi Bambo anaimirira kumbuyo kwa mpando umenewo, chigongono chili m'mwamba, lumo likulira. Mkono wamanja umenewo ndi umene unandiphunzitsa sukulu mpaka kukandikhazika pampando wa bwalo la milandu.

Phewa linayamba pang'onopang'ono. Kuvala jekete kunayamba kuwavuta, kugonera mbali yakumanja kunakanika, ndipo akafika pakati pa mutu wa munthu ankaluma mano. Koma nthabwala sanasiye. Wamtali akakhala pampando ankamuuza kuti, "Tatsetserekani pang'ono, achimwene, ine ndine wometa, osati wothyola mango."

Tsiku lina ndinawapeza atatsamira khoma, lumo lili pansi. Mayi wina woyandikana nafe nyumba, namwino wopuma pantchito, anandiitanira pambali nati, "Mwanawe, apititse kuchipatala bambo akowa. Kuli anthu owongola mapewa popanda mpeni." Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu langa linali louma. Ndikamva mawu akuti chipatala ndinkangoona chitseko cha chipinda cha opaleshoni, chifukwa mayi anga analowa pachitseko chotero ndipo sanatulukenso amoyo. Ndinalumbira kuti Bambo sadzagona pabedi limenelo ine ndili moyo.

Bambowo anapempha chinthu chochepa. Anati, "Mwana wanga, ndizimeta m'mawa mokha, masana ndizipuma."

Olemekezeka nonse, kubwalo sindinagamulepo mlandu ndisanamve mbali zonse, koma kunyumba kwa bambo anga ndinagamula ndisanamve mboni ngakhale imodzi. Ndinatenga nsalu, n'kuwamangirira mkono m'khosi. Ndinalamula mng'ono wanga kuti aziwaveka, aziwathirira madzi, ngakhale kapu asanyamule okha. Makiyi a shopu ndinakabweza kwa mwini nyumba, mpando ndi galasi n'kukazitsekera m'chipinda chosungira katundu kwathu. Ndinawauza monyadira kuti, "Mwavutika mokwanira, Bambo. Tsopano ndi nthawi yoti ana anu akusamaleni."

Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Apilo ilipo, bwana woweruza?"

Ndinati, "Palibe." Ndinaseka, ndipo ndinkaganiza kuti nawonso akuseka.

Miyezi isanu ndi iwiri mkono unali m'nsalu, ine ndikudzitama kwa anzanga kuti ndimasamala kholo. Tsiku lina mng'ono wanga anandiimbira foni akulira, kunena kuti wamasula nsalu ija koma mkono sukuchoka m'nthiti. Bambo sankathanso kupesa tsitsi lawo lomwe. Ndinawatengera kwa wometa wina, ndipo munthu amene anameta tauni yonse anakhala pampando wa mwini atatseka maso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nditaona zimenezo, mantha anga a mpeni anandichepera.

Masiku amenewo chipinda chonga ichi kunalibe kuno. Tinayenda ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo tinalandiridwa ndi mayi wa mafizo, wamfupi, wosachedwa ndi mawu. Atayesa kukweza mkonowo anafunsa kuti, "Anaumanga ndani?"

Ndinati, "Ndine."

"Kwa masiku angati?"

Nditatchula miyezi ija anaika cholembera pansi. Anati, "Amayi, kupumitsa phewa masiku ochepa n'kwabwino, koma likakhala osayenda limauma ngati chitseko chosatsegulidwa. Mukanabwera pachiyambi tikanawapatsa mankhwala ochepetsa ululu, mwina jakisoni m'mfundomo, n'kuwaphunzitsa masewera olimbitsa minyewa. Tikanawauza atsitse mpando, azipumira pakati pa ntchito. Mwina bwenzi akumetabe." Ine amene anthu amaimirira ndikalowa, tsiku limenelo ndinasowa poyang'ana.

Opaleshoni imene ndinkaithawa sinafunike n'komwe. Chaka ndi theka Bambo anakwera khoma ndi zala, anakoka chingwe, anakweza ndodo, thukuta lili kamukamu, osadandaula. Ululu unatha, mkono unakwera mpaka kulekeza paphewa, ndipo pamenepo unaima mpaka lero. Pamene ankatha kugwiranso lumo, m'shopu muja munali mutalowa wogulitsa mafoni. Makasitomala anali atazolowera manja ena, anzawo a pabenchi atabalalika, ena atamwalira Bambo osamva n'komwe. Munthu amene ankaseketsa msika wonse anasanduka wokhala pakhonde, wongoyankha moni. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anawataya ndi mwana wawo amene ankawakonda.

N'chifukwa chake ndikupempha inu amene phewa layamba kukusautsani, inu osoka, inu omanga, inu aphunzitsi olemba pabolodi, inu amayi onyamula ndowa: bwerani lisanaume, ndipo musaope kuti aliyense wolowa muno amakathera kumpeni. Inu a mafizo, musadikire odwala m'chipindamu mokha. Pitani kumisika ndi kumalo a ntchito, mukauze anthu kuti thandizo lafika pafupi, ndipo wobwera mochedwa musamukalipire kwambiri, chifukwa amakhala atadzikalipira kale. Inunso ana okonda makolo, makamaka inu ophunzira amene mawu anu satsutsidwa pakhomo, funsani odziwa musanalamule, ndipo mverani mwini phewa.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, wapampando, chimene sichili papepala langa. Bambo angawo ali pompano, pamzere woyamba, avala chipewa choyera, pambali pa mng'ono wanga. Papita zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo nkhaniyi sitinaikambepo. Ndawagulira majekete, ndawamangira khonde labwino, koma mawu amene anayenera kumva sindinawanene.

Bambo, ndinakulakwirani. Ndinakulandani ntchito yanu ndi anzanu musanatope nazo, ndipo ndilibe chokubwezerani. Mundikhululukire.

Mng'ono wanga, Bambo akuti chiyani? Kweza mawu, sindikumva.

Akuti zapakhomo sitikambira pagulu, tikakambirana kunyumba, panopa nditsegulire anthu chipatala chifukwa akudikira ndi ululu. Ndamva, Bambo. Kukambirana kumeneko ndakuzemba nthawi yaitali, koma lero tikachoka pano ndibwera, ndipo ine ndidzakhala womvetsera.

Tsono, mwa ulemu umene komiti yandipatsa, komanso momvera lamulo la bambo anga, ndikulengeza kuti chipinda cha mafizo cha chipatala chino chatsegulidwa kuyambira tsopano. Wodwala woyamba alowe.

Zikomo kwambiri nonse.