Ng'ombe za Mayi Rozita Zidamva Ameni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndikufuna ndikuuzeni za ng'ombe ziwiri za eni zimene zidabedwa m'khola mwanga, ndi momwe ndidatsalira pang'ono kutema mlamu wanga chifukwa cha izo. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo sindibisa.

Nkhondo itatha ndidabwerera kwathu ku Mongue kuchokera ku Malawi, komwe tidathawira. Ndidabwera ndi khasu limodzi ndi luso lophunzitsa ng'ombe kusenza goli, kulima ndi kukoka ngolo. Malo a bambo anga ndidapeza akulimidwa ndi mlamu wanga Fernando, mwamuna wa mlongo wanga. Akuluakulu a banja adamuchotsa, ndipo kuyambira pamenepo moni wake udali wa pamlomo chabe. Ndidamanga khola, zaka zidapita, anthu adayamba kunditumizira ng'ombe zawo kuti ndiziphunzitse.

Tsiku lina kudabwera bambo wa kampani ya seguru, imene ku Malawi amati inshuwalansi, kudzalemba khola ndi ziweto kuti zikabedwa kapena kupsa adzandilipire. Adandifunsa kuti ng'ombe zanga ndi zingati, ine nkuti zisanu ndi imodzi. Sindidaname. Kwa ife ng'ombe imene ikugona m'khola mwako, nuidyetsa, nuitsuka nkhupakupa, umaitcha yako. Koma ziwiri mwa izo, Bulaki ndi Nyenyezi, zidali za mayi Rozita, mayi wamasiye amene adagulitsa mbuzi zake zonse kuti azipeze.

Lamulungu lina tili ku Misa, wina adatsegula khola dzuwa likuswa mtengo, nasankha ziwiri zomwezo, zimene zidali zitatsiriza kuphunzira. Mvula idali pafupi. Ndidapalasa njinga mpaka ku Milange kukauza a seguru, ndipo bambo uja adangotembenuza pepala. Adati iwo amalipira ng'ombe za mwini khola, za eni ayi, ndipo kuti mawu oti "zanga" ndidayankhula ndekha. Nditakawauza mayi Rozita sadalalate. Adangoti, "Achimwene, ndiye ine munda wanga ndilima ndi chiyani?" Bola akadanditukwana.

Wakuba ndidamudziwa. Ndani wina ankadziwa ng'ombe zophunzira ndi zosaphunzira, komanso nthawi imene timapita ku tchalitchi? Koma umboni ndidalibe, ndipo Fernando ankandiyang'ana ndi nkhope ya mwana wobatizidwa kumene. Masabata awiri ndidanola chikwanje mpaka chinkameta ubweya wa pamkono. Pemphero langa lidali loipa, ndikuvomera pamaso panu. Ndinkati Ambuye, mumuumitse manja, mumuthyole miyendo, ndipo ngati muli otanganidwa ndisiyireni ine.

Nditamva kuti wapita kumsika wa ku Milange, ndidamanga chikwanje pa kaliyala nkumulondola. Pamsika padali mlaliki wina, Mmalawi wogulitsa nsalu, amene ankalalikira masana aliwonse. Adakuwa kuti, "Anthu a Mulungu anene Ameni!" Gulu lonse lidayankha, ndipo ngolo ina yodzaza matumba a chimanga, imene inkalowera kumalire a Malawi, idaima chiriri pakati pa msewu. Woyendetsa adakwapula ng'ombe, zidayenda pang'ono, mlaliki adakuwanso, zidaimanso. Anthu adayamba kuseka. Ine ndidazizindikira pomwepo.

Muyenera kudziwa kuti ine ndikamaphunzitsa ng'ombe, ntchito ndimaitseka ndi pemphero m'munda momwemo, ndipo ndikanena Ameni ndimamasula goli. Ng'ombe iliyonse yodutsa m'manja mwanga imadziwa kuti mawu amenewo ndiye kuweruka. Sindidachite dala, zidangozolowera.

Ndidayandikira. Nyanga adazidula nsonga, chipumi choyera cha Nyenyezi adachipaka oilo wakuda, ndipo pamwamba pa matumba padali Fernando, thukuta kamukamu. Ndidati, "Alamu, ng'ombe zanuzi zikupemphera bwino. Mudazibatizira kuti?" Iye adati adazigula ku Molumbo. Dzanja langa lidali kale pa chikwanje, koma wapolisi wina adafika kudzaona chimene chatseka msewu. Ndidamupempha kuti alamuwo aziitane mayina, popeza ndi zawo. Fernando adatchula mayina awiri opeka, ng'ombe zili duu. Ine ndidangoti, "Bulaki, Nyenyezi, tiyeni kwathu," ndipo zidatembenuka ndi ngolo yomwe, Fernando nkugwera m'matope pamodzi ndi thumba limodzi.

Abale, ndidakondwa. Sindikunamizani kuti ndidamumvera chisoni. Adatsitsa yekha matumba onse msika wonse ukuonerera, kenako apolisi adamutenga atamusenzetsa goli paphewa ngati umboni. Mpaka lero akadutsa pamsikapo amayi ogulitsa tomato amangoti Ameni, iye nkuwerama. Chikwanje changa chikadamupweteka tsiku limodzi, ine nkukaolera m'ndende, ana a mlongo wanga nkutsala amasiye. Mulungu adamulanga masanasana popanda dontho la magazi, ndipo adandipulumutsa kwa ine mwini.

Bambo wa seguru nditamuitananso ndidamukhazika pansi, ndipo adalemba ng'ombe za eni pamzere wakewake ine ndikuyang'ana cholembera. Inu osunga ziweto za anzanu, musamayankhe msanga akakufunsani kuti zanu ndi zingati. Za kukhululuka ndikadali paulendo, mundipempherere, chifukwa masiku ena mtima umabwadamukabe.

Ndikuthokoza Ambuye amene adamva pemphero langa loipa nayankha mwa njira yawo. Inu amene mwanola kale chikwanje, dikirani pang'ono, musafooke. Mvula yoyamba itagwa ndidakalima ndekha munda wa mayi Rozita ndi Bulaki ndi Nyenyezi, mayiwo akutsatira pambuyo. Titafika pamzere womaliza ndidatsegula pakamwa kuti nditseke pemphero, koma mayiwo adandigwira mkono, misozi ili m'masaya. Adati, "Achimwene, lero ndinene ndine." Adanena Ameni, ndipo ng'ombe zawo zidaima.