Mlandu wa Nkhunda za Kapembwa

Chisiyireni ntchito kumgodi, Bashi Kangwa a ku Mufulira anapeza chosangalatsa chimodzi chokha chomwe thumba lawo linkachikwanitsa: kukakhala pabenchi yakumbuyo m'khoti laling'ono, n'kumamvera milandu ya anthu ena. Lachinayi lina m'mawa, tsiku lomwe mlandu wawo wapamtima unkayenera kufika pachimake, anatuluka kuchipinda atamanga kale tayi, n'kupeza akazi awo, Bana Kangwa, atakhalira jekete yawo yokhayo pampando wa pabalaza, manja atapinda.

"Bana Kangwa, mwakhalira jekete."

"Ndikudziwa."

"Ndiye tadzukani pang'ono, ndachedwa."

"Mwachedwa kuti?"

"Kokawongola miyendo."

"Miyendo yake iti yomwe imawongoka ndi tayi?" anafunsa mayiwo osasuntha. "Bana Mwape oyandikana nafewa anakuonani kukhoti Lolemba. Dzulo anakuonaninso, akuti mlonda wa pageti anakupatsani moni wotchula dzina. Mwalakwa chiyani, bambo?"

"Sindinalakwe kanthu."

"Ndiye wakulakwirani ndani?"

"Palibe."

"Ndinu mboni?"

"Iyayi."

"Akulembani ntchito? Chifukwa ngati akulembani, ine malipiro ake sindinawaone."

Bashi Kangwa anayang'ana mkono wa jekete womwe unkalendewera pansi pa akazi awo ngati mchira. Anaganiza zoukoka, koma anakumbukira kuti telala anasoka kale phewa lomwelo kawiri.

"Ndimangopita kukamvera, mayi. Basi. Munthu amafunika kanthu komusangalatsa."

"Kukhoti."

"Ee, kukhoti."

"Bambo, kuchipatala kumapita odwala. Kuchigayo kumapita wa chimanga. Tsiku lomwe mudzandiuze kuti mumakakhala kuchigayo kumamvera ufa wa anthu ena, ndidzakuperekezani kuchipatala kuja."

"Tandiuzani nokha komwe mukufuna ndizipita," anatero bamboyo akuwerenga ndi zala. "Kumpira, pageti pali munthu wotambasula dzanja. Kukalabu, ukakhala ndi botolo limodzi mpaka madzulo, woperekera zakumwa amayamba kupukuta tebulo pansi pa chigongono chako. Kanema munamutseka nokha, munati bola tigule makala. Ndinayesa bawo pamsika, koma kumeneko wogonja amagulira anzake mowa, ndipo ine ndi bawo mukudziwa."

"Mumagonja."

"Sindinakufunseni. Pomwe kukhoti benchi ndi yaulere, mthunzi waulere, ndimapita wapansi, ndipo nkhani zake n'zenizeni, palibe wochita kuloweza."

"Nanga dimba lili kuseliku?"

"Dimba ndi ntchito. Moyo wanga wonse ndakumba nthaka kunsi kwake, sindingayambenso kuikanda pamwamba."

Bana Kangwa anadzisuntha pang'ono, osati kuti adzuke, koma kuti akhazikike bwino.

"Chabwino. Lero mukukamvera za ndani?"

Apa nkhope ya Bashi Kangwa inawala, anaiwala n'kuiwala kuti ali pamavuto.

"Pali mayi wina wake."

"Ehee. Mayi."

"Pakamwa pake, Bana Kangwa, simunamvepo. Akaimirira kuti ayankhe, khoti lonse limasiya kutsokomola. Chiyambire mlandu wake sindinajombepo."

"Amavala chiyani?"

"Chitenje chobiriwira chokhala ndi nsomba, nthawi zina duku lofiira, koma nkhani si imeneyo."

"Ine dzulo ndinavala chiyani?"

Bashi Kangwa anayang'ana kudenga.

"Zovala," anatero.

"Mlandu wake ndi wa chiyani, mayi wa nsombayo?"

"Wothetsa banja."

"Aa, ndamva tsopano," anatero Bana Kangwa akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mukuphunzira."

"Kuphunzira chiyani?"

"Kathetsedwe kake. Wophunzira galimoto amayamba n'kukhala pambali pa dalaivala, kumangoonerera komwe akuponda."

"Mayi, ine ndithetse banja ndi mano otsala angati? Ndipita kuti?"

"Kwa wa duku lofiira. Iye banja lake likutha, lanu mukulikonzekera, mukumana pageti, mlonda akukudziwani kale. Ine ndiitana ankhoswe. Jeketeyi idikira mpaka afike."

"Ankhoswe ali ku Mansa."

"Jekete sithawa."

"Mlandu ukuyamba posachedwapa."

"Pitani ndi malaya."

"Ndipite ndi malaya?" Bamboyo anagwira pachifuwa. "Anthu kumeneko amandiyesa loya wopuma pantchito. Amandisungira malo. Ndikangolowa ndi malaya okha, azinong'onezana kuti mdala uja amugwira."

"Ndiye amakuyesani loya, inu osakana?"

"Palibe anandifunsa."

Anaona kuti mphamvu sizithandiza. Anakoka kampando, nakhala moyang'anizana ndi akazi awo, n'kutsitsa mawu ngati wogulitsa mankhwala a msana m'basi.

"Tamverani nkhani yake yokha, mukaimva mudzuka nokha. Mwamuna wa mayi ameneyu amawotcherera zitsulo. Tsiku lina mkazi ali kumaliro, iye anatenga makina osokera a mkaziyo, n'kugulitsa, n'kugula nkhunda. Khola lodzaza. Mkazi pobwera sanakalipe. Anangoti, zokongola. Ndiye Lamlungu lililonse ankapha ziwiri, n'kuphika."

"Ndi tomato kapena nsinjiro?"

"Khoti silinafunse."

"Khoti lanji losafunsa zimenezo?"

"Mwamuna uja ankadya, n'kumayamikira, akuyesa ndi zinziri za pamsika. Nkhunda zikuchepa, iye n'kumalimbana ndi mphaka wa oyandikana nawo. Anafika pomenyana ndi mwini mphaka. Anazindikira kutatsala nkhunda imodzi, chifukwa anapeza kamphete komwe anaveka yaimuna kumwendo, kali m'mbale mwake."

"Osatsuka bwino ndiwo, mayi ameneyo."

"Ndiye lero, Bana Kangwa, lero akuimirira mayi ake a mwamunayo. Nawonso ankadya nawo, ndipo akuti ankadziwa, mpaka ankasankha okha yonenepa. Sabata yatha woweruza anabisa nkhope kuseri kwa mapepala, mapewa okha ndiwo ankagwedera. Ndiphonye zimenezo chifukwa cha jekete?"

Bana Kangwa anakanda kuseri kwa khutu.

"Wowotcherera zitsulo. Kapembwa wa ku Kantanshi?"

"Mukumudziwa?"

"Mkazi wake ndi Bana Nsama. Chitenje chija si nsomba, ndi masamba."

"Kaya masamba kaya nsomba, tadzukani."

"Musadzivutitse, bambo. Mlandu umenewo kulibe."

"Kulibe bwanji?"

"Anagwirizana dzulo. M'mawa uno akungopita kukauchotsa."

Bashi Kangwa anamasula tayi pang'ono.

"Anagwirizana? Pa nkhunda zonse zija?"

"Mwamuna abweza makina pang'onopang'ono, mkazi wapepesa. Analira onse awiri. Yotsala ija anaiphika, tinadyera limodzi."

"Nanga apongozi aja? Umboni wawo?"

"Akwera basi ya kwawo mbandakucha."

"Anthu akuyambana bwinobwino, mwadongosolo, pamaso pa boma," anatero bamboyo, "ndiye kubwere munthu wopanda chochita n'kulowererapo. Ndi ndani ameneyo?" Kenaka anaima. "Mwati tinadyera limodzi?"

"Ndi nsinjiro. Inu mumaganiza kuti Lachitatu masana ndimapita kuti?"

"Kukwaya."

"Kwaya inafuna yunifomu yatsopano, ndinaisiya kalekale. Ndinalowa gulu la alangizi a mabanja kutchalitchi. Kumeneko safuna yunifomu. Umapita wapansi, amakupatsa mpando wabwino, tiyi amakuthirira, ndipo umamva zonse, ndi za kuchipinda zomwe, zimene kukhoti kwanuko amachita nazo manyazi."

"Ndiye nanunso mumakamvera."

"Ine ndimathandiza."

"Simusangalala?"

"Ndimathandiza mosangalala."

Bashi Kangwa anayamba kukumbukira milandu ina yabwino yomwe inafera m'njira miyezi yapitayi, iye n'kumati khoti lalowa mphepo yoipa.

"Kalipentala uja," anafunsa mwamantha, "yemwe anakhomera misomali chitseko cha chimbudzi apongozi ake ali momwemo?"

"Ine."

"Aphunzitsi aja omwe akazi awo anabisa mano awo oikirira?"

"Ine ndi Bana Mwape. Mano anali m'chitini cha shuga."

"M'chitini cha shuga," anabwereza bamboyo motsitsa. Analingalira za mano amenewo milungu yambiri, mpaka anakanganapo ndi mlonda.

Mwadzidzidzi Bana Kangwa anaimirira. Anatola jekete ija, naikuntha, naiwongola makwinya ndi chikhatho, n'kuitambasula kuti amuna awo alowetse mikono.

"Valani, bambo. Ndakukhululukirani."

"Ndivalirenji? Mlandu mwaudya ndi nsinjiro."

"Vuto lathu kugulu n'loti timamva mochedwa, ena atagamulidwa kale. Koma inu mumawadziwa onse, tsiku lawo, khomo lawo, ndi zomwe akazi awo amavala. Tipitire limodzi. Inu muzingondilozera, ine ndiziwadikira panja."

Analowa kuchipinda kukatenga duku. Bashi Kangwa anatsala chiimire, mkono umodzi m'jekete wina panja. Anaganiza za mlandu womwe unkayamba Lolemba, wa kondakitala wa basi yemwe akazi ake awiri anadziwana pamzere wogula mafuta ophikira, n'kukondana, ndipo tsopano ankabwera kudzamusumira atagwirana manja. Anali atauyembekezera ngati mvula yoyamba.

"Bana Kangwa," anaitana, akuyesa mawu a woweruza. "Ndikuuzireni pano ndili bwinobwino. Pali mlandu wina ukubwera Lolemba. Mukangoukhudza umenewo, wotsatira kuitanidwa m'khoti muja ukhala wa ine ndi inu."

Mayiwo anatuluka akumanga duku, nawakonzera kolala, n'kuwakankhira kukhomo.

"Kausumeni, bambo. Umenewonso ndiuthetsa Lachitatu."