Dilaivu imene ndinaphwanya ku Nyimba

"Alamu, manja anu ndi ophwanya basi! Chibwelele muno munakonzapo chiyani?"

Amenewa ndi mawu a a Daka, mlongo wake wa mkazi wanga, ndipo anawalankhula makasitomala akumva. Moni nonse abale amene mumawelenga patsamba lino. Ine kwathu ndi ku Petauke koma ndimagwila ntchito ku Nyimba mu shopu ya alamu angawo, ndipo ntchitoyo inatsala pang'ono kundithela chifukwa cha mkwiyo wanga.

Timasoka mabaji a mayunifomu a sukulu. Makina osokelawo amayendetsedwa ndi kompyuta yakale kwambili, ndipo pulogalamu yake sitseguka ngati sidi yake mulibe mu dilaivu. Pa kompyuta yatsopano imakanilatu. Dilaivuyo inali itatopa ndi fumbi la mumsewu waukulu. Tsiku lina kathileyi kake koikapo sidi kanakana kulowa. Ndinakankha kawili, kachitatu ndinamenya ndi chibakela, kanathyoka ndi zamkati zomwe. Wolakwa ndinali ine, koma a Daka atakalipa ndinawayankha zamwano zimene sindingalembe pano.

Sukulu zinali pafupi kutsegula, mayunifomu ali mulu pakona. A Daka anati likafika Lachisanu la sabata yotsatila makina asakusoka, awagulitsa kwa munthu wa ku Chipata, ine ndibwelele kwathu. Pa msinkhu wanga palibe amene angandilembe ntchito ina, izi ndinazidziwa.

Ndinazungulila Petauke yense kufuna dilaivu yamtundu wakale, ija yolumikiza ndi chingwe chophwatalala ngati lamba. Ndinapeza ziwili, zonse zakufa. Kenako ndinawelenga pa foni kuti kuli anthu okonda makompyuta akale amene amapanga kabodi ka timawaya konamiza kompyuta. Iyo imaganiza kuti muli dilaivu ndi sidi, pomwe zonse za mu sidi zakopedwa pa memole khadi. Mapulani ake amagawa ulele. Ndinaitanitsa zipangizo ku Lusaka, zinabwela pa basi, ndipo ndinakhala masiku atatu ndikuwotchelela timawaya. Sidi ndinakakopetsa kwa mnzanga wa studio ya zithunzi.

Lachitatu ndinalumikiza n'kuyatsa. Kompyuta inangoima, ngakhale hadi disiki yake yomwe, imene imasungilamo zinthu zake zonse, sinaione. Ndikachotsa kabodi imayaka bwinobwino, ndikabwezela imaima. Ndinawotchelelanso malo onse amene ndinkawakaikila, osasintha kanthu. Dzanja linayamba kundiyabwa ngati tsiku lija. Ndinatuluka kuseli kwa shopu. Ine kupemphela motalika sindidziwa, ndinangoti, "Ambuye, ndaononga ndine. Gwilani dzanja langali, ndipo mundionetse pamene ndalakwitsa." Palibe chinachitika. Ndinatseka shopu n'kupita kunyumba.

Lachinayi masana kunabwela amai Sakala kudzafunsa yunifomu ya mdzukulu wao. Ndi amai achikulile ochokela ku Minga, timapemphela mpingo umodzi, ndipo ine ndinkawadziwa ngati ogulitsa nshawa, mtedza uja, basi. Anasuzumila m'kompyuta yotsegulayo kwa kanthawi.

"Bambo, nanga jampa mwaika pati?"

Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti asamale za nshawa zao, koma ndinadziluma lilime. Anandiuza kuti ali atsikana anagwila ntchito yotaipa mu ofesi ina ku Lusaka, makompyuta amtunduwu ali atsopano, ndipo popeza wokonza ankachedwa kubwela anaphunzila kutsegula okha. Anati pa lamba mmodzi pakalumikizidwa zinthu ziwili, china chimayenela kuikidwa kukhala choyamba, china chachiwili, apo ayi kompyuta siona chilichonse. Chosankhila chake ndi jampa, kapulasitiki kakuda kochepa ngati njele ya mpunga kovekedwa pa timano tiwili. Ine ndinali nditatsata chithunzi cha pa foni, cha munthu amene kabodi kake kanali ndi lamba wakewake. Kanga kanali pa lamba mmodzi ndi hadi disiki, zonse zili pa malo oyamba.

Anamasula pini ya pachitenje chao, anazula kajampako, n'kukasunthila pa timano totsatila. Ndinayatsa. Kompyuta inaona sidi imene munalibe, pulogalamu inatseguka. Sindinakhulupilile msanga. Ndinazimitsa ndi kuyatsa kasanu, ndinasoka pa kansalu kotaya, kenako baji ya mdzukulu wao. Inatuluka yoongoka. Amai Sakala anatenga yunifomu yao, anati azipita basi isawasiye.

Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa ndikanaphwanya kabodi kaja Lachitatu, amaiwo akanapeza palibe chosuzumila. Ndikuthokozanso amai Sakala. Inu amene zinthu zakuvutani, musasiye, ndipo musanyoze munthu amene waima pakhomo panu, simudziwa zimene anaphunzila musanakumane.

M'mawa wa Lachisanu lija ndinalawilila ku shopu, ndinalowetsa ulusi n'kuyamba mayunifomu a sukulu ya ku Kacholola. A Daka anafika makina akulila, anaima pakhomo. Ndinaimitsa makina, ndinaimilila, ndipo ndinawauza pamaso pa makasitomala kuti dilaivu ndinaphwanya ndine, zamwano ndinalankhula ndine, pepani alamu. Anandiyang'ana, kenako anandifunsa kuti mayunifomu atsala angati. Ndinati ambili, n'kukhalanso pansi.